Msilikali wa Keyala pa Minda ya Fodya ku Mashonaland

Pofufuza mbiri ya Chinyanja cholankhulidwa kum'mwera kwa mtsinje wa Zambezi, kaŵirikaŵiri timayambira ku migodi. M'nkhani ino tifuna kuona munthu wina: msilikali wa King's African Rifles, gulu limene kwathu linkatchedwa Keyala, amene atavula yunifomu anakakalambira pa munda wa fodya ku Mashonaland. Sititchula dzina la munthu mmodzi, pakuti njira imene tikulongosolayi anaiponda ambiri.

Asilikali a ku Nyasaland anamenya nkhondo ndi Ataliyana pa Tug Argan ku Somaliland mu 1940, ndipo mu 1944 anatsika chigwa cha Kabaw ku Burma ali m'gulu la 11th East African Division. Atabwerera kwawo nkhondo itatha mu 1945, anapeza msonkho ukuwadikira, ntchito yamalipiro ili yosoŵa. Nthaŵi yomweyo ulimi wa fodya unali kukula ku Southern Rhodesia. Boma la kumeneko linagaŵira azungu ochokera ku nkhondo malo olima, monga m'dera la Karoi, ndipo mu 1946 linakhazikitsa bungwe lolemba antchito limene anthu analitcha Mthandizi. Motero amuna aŵiri omenya nkhondo imodzi ankatha kukumananso pa munda, wina ali mwini malo, wina akulandira phoso m'komboni. Wamwayi ankapatsidwa ukapitawo kapena ulonda, popeza ankadziŵa kulamula ndi kulamulidwa.

Koma chimene chitikhudza kwambiri ndi banja lake. Tiyerekeze kuti anali Mcheŵa, Myao kapena Mlomwe, nakwatira mkazi wa Chishona ku Banket kapena ku Bindura. Kwawo kwa mwamunayo ana amaŵerengedwa ku mbumba ya amayi awo, ndipo munda aulandira kwa atsibweni. Kwa mkaziyo ana ndi a mtundu wa atate, ndipo mfunda, umene Ashona amati mutupo, autenga kwa atatewo. Mwambo uliwonse unkapereka anawo ku mbali inayo. Ku Dedza iwo anali ana a mkazi wachilendo. Ku Mashonaland anali ana a mwamuna wachilendo. (Kwa Mngoni wolowola nkhaniyi inali yopepukirapo.) Ife tiganiza kuti ichi, koposa kusoŵa kwa ndalama za ulendo, ndicho chinasandutsa ambiri kukhala matchona. Bamboyo akanabwerera, akanafika ndi ana opanda pokhala.

Choncho komboni inakhala mudzi wake. M'menemo ankaweruza milandu, ankasonkhetsa ndalama za maliro, ndipo Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha Zvigure, anapeza dambwe lake m'mphepete mwa munda. Ana anakula akumva Chinyanja kwa atate, Chishona kwa amayi, ndi Chilapalapa kwa mzungu.

Mudzi wotere unalibe nyakwaŵa wodziŵika ndi boma, ngakhale nthaka yakeyake. Minda ya azungu itayamba kulandidwa mu 2000, ana ndi zidzukulu za asilikali aja ambiri anachotsedwa m'makomboni, nasiya manda a makolo awo m'minda ya eni atsopano. Lamulo la unzika la 2001 linaika ambiri a iwo pa gulu la alendo m'dziko limene anabadwiramo, kufikira malamulo aakulu a 2013 atawabwezera unzika. Chinyanja chimene tichimva kwa zidzukuluzo, makamaka pa maliro ndi pa gule, chidali ndi mawu amene agogo awo anabwera nawo kuchokera ku Zomba: sajeni, kopolo, pelete.