Mmene Mtsinje wa Thames Unafera ndi Kukhalanso ndi Moyo

Ana inu, m'phunziro la lero la mbiri yakale tipita ku London, likulu la dziko la Britain. Pakati pa mzindawu pamadutsa mtsinje waukulu wotchedwa Thames.

Ca m'ma 1850 anthu a mu London anali oposa 2,000,000. Zonyansa za m'zimbudzi zao, pamodzi ndi zocokera kophera nyama ndi kumafakitale, zinali kutsikira mumtsinjewu. Komatu m'menemo ndimo makampani ena anali kutunga madzi akumwa ogulitsa kwa anthu. Motero nthenda ya kolera inabuka kangapo, ndipo mu 1848 ndi 1849 inapha anthu oposa 14,000.

Masiku amenewo anthu ambiri, ngakhale ophunzira, anali kukhulupirira kuti kolera imadza ndi mpweya wonunkha. Dotolo wina, John Snow, anatsutsa zimenezi. Mu 1854 iye anafufuza nyumba za anthu omwalira m'dera la Soho, napeza kuti ambiri a iwo anali kumwa madzi a pampope umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Akuluakulu a deralo anacotsa cogwirira ca mpopewo, koma ambiri sanamvere mau ace.

Cimene cinadzutsa boma ndi fungo. Mu 1858 kunatentha kwambiri, ndipo mtsinje unanunkha koopsya. Aphungu a Nyumba ya Malamulo, imene iri m'mbali mwa mtsinjewo, analephera kupirira ngakhale anaviika nsalu za pamazenera m'mankhwala. Caka comweco anapanga lamulo lolola kuti nchito iyambe. Katswiri wa zomangamanga, Joseph Bazalgette, anamanga ngalande zikuluzikulu za njerwa pansi pa nthaka, zotalika makilomita 132, zotengera zonyansa kum'mawa, kunja kwa mzinda. Mu 1866 kolera inabukanso komaliza, makamaka m'dera limene ngalandezo zinali zisanayambe kugwira nchito.

Koma kusesa pakhomo pako ndi kukaunjika zinyalala pakhomo pa mnzako si ukhondo. Ngalandezo zinali kungothira zonyansa mu Thames momwemo, kumunsi. Mu 1878 sitima ya pamadzi yotchedwa Princess Alice inamira pafupi ndi pamalo othirirapo, ndipo anthu oposa 600 anafa m'madzi oipawo. Pamenepo anthu anaona kuti madzi oipa ayenera kuyeretsedwa asanabwerere kumtsinje.

Njira yabwino yoyeretsera inapezeka mu 1914 mumzinda wa Manchester, ndipo anaipeza ndi Edward Ardern ndi William Lockett. Poyamba madzi amapyola pa sefa wacitsulo amene amakola nsanza ndi zinyalala. Kenaka amadikha m'mathanki, ndipo zolemera zimakhala pansi ngati matope. Pambuyo pace amawauzira mpweya wambiri kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tidye zonyansa zotsala. Zonyansazo zikalowa mumtsinje zosayeretsedwa, tizilomboti timazidyera momwemo, ndipo potero timamaliza mpweya umene nsomba zimapuma.

Izi ndizo zinacitikira Thames. Pofika m'ma 1950 anthu anali atacuruka kuposa mphamvu ya malo oyeretsera, ndipo nsomba zinasowa m'cigawo ca mtsinje ca mu London. M'ma 1960 malowo anakuzidwa ndi kukonzedwa. Mu 1974 nsomba yotchedwa salmon, imene imakhala m'madzi oyera okha, inapezekanso, ndipo tsopano mitundu ya nsomba m'menemo ikuposa 100.

Nkhaniyi itikhudza ifenso. Ena mwa madzi amene anthu a mu Lusaka amamwa amacokera mumtsinje wa Kafue, umene umayamba wadutsa ku Copperbelt. Cimene mzinda wa kumtunda wataya, a kumunsi ndiwo amamwa. Kolera imene inavuta mu Lusaka mu 2017 ndi 2018 ndi yomwe ija inavuta mu London.

Aphunzitsi, thandizani ana kujambula mapu a mtsinje wa kufupi ndi sukulu yanu. Aonetsepo potunga madzi, pocapira, ndi pamene pali zimbudzi. Kenaka ayankhe funso ili: kodi ndani amamwa madzi amenewa akatipitirira ife?