Ndani Ayendera Osunga Nkhalamba? Mbiri ya ku Mangalande

Munthu ali yense wogwira nchito pansi pa mgodi adziwa kuti asanayambe kuboola mwala, wina ayenera kutsogola ndi citsulo cace, nagogoda denga kuti amve ngati liri lolimba. Adziwanso kuti pamwamba pa kapitao ndi bwana wa mgodi pali woyendera wa Boma, amene malipiro ace sacokera ku kampani, ndipo ali ndi mphamvu yakuimitsa nchito pamalo poopsa. Zinthu zikaipa, anchito ali ndi bungwe lao lowalankhulira, ndipo akhoza kucita sitalaka.

Koma alipo malo ena kumene moyo wonse wa munthu uli m'manja mwa anzace. Malo amenewa ndiwo nyumba zosungiramo nkhalamba, olemala ndi odwala maganizo. Nkhalamba yogona pakama singathe kucita sitalaka, iribe bungwe, ndipo kawiri kawiri iopa kudandaula, cifukwa munthu amene yamneneza lero ndi yemweyo adzaipatsa cakudya mawa. Nyumba zotere ziripo ndi muno m'Zambia momwe, monga ya Maramba ku Livingstone ndi ya Mitanda ku Ndola, pakuti si onse amene anathera mphamvu zao m'tauni ali ndi mudzi wobwererako. Tsono funso nali: ndani ayang'anira iwo amene asunga anthu opanda mphamvu? Dziko la Mangalande lalimbana ndi funso limeneli pafupi fupi zaka 200, ndipo mbiri yace iri ndi phunziro.

Nyumba ya Nchito

M'caka ca 1601, m'masiku a Mfumukazi Elizabeth Woyamba, kunaikidwa lamulo lakuti dera liri lonse la chalichi lizisonkha msonkho wothandizira amphawi ace. Pofika caka ca 1834 osonkhawo anali kudandaula kuti ndalama zikupita zambiri, cotero lamulo linasinthidwa. Madera anaphatikizidwa, ndipo gulu liri lonse la madera linayenera kukhala ndi nyumba yaikuru yochedwa workhouse, ndiko kunena kuti nyumba ya nchito. Maganizo a opanga lamulo anali akuti moyo wa m'nyumbamo ukhale wowawa kuposa wa wanchito wosauka koposa wa kunja, kuti munthu asalowemo mwaulesi.

Koma amene anadzaza nyumbazo sanali aulesi ai. Ambiri anali nkhalamba, odwala, olemala ndi ana amasiye. Polowa, mwamuna anali kupatulidwa kwa mkazi wace, cinkana akalamba pamodzi. Akulu oyang'anira nyumba iri yonse anali kusankhidwa ndi eni msonkho a m'deralo, ndipo cimene eni msonkho anafuna ndico kucepetsa ndalama. Ku London kunali akulu atatu olamulira zonse, koma oyendera ao anali owerengeka, pamene nyumbazo zinali mazana mazana.

Mafupa a ku Andover

Zipatso za makonzedwe amenewa zinaoneka m'caka ca 1845 m'tauni ya Andover, kum'mwera kwa dzikolo. Amuna a m'nyumba ya nchito kumeneko anapatsidwa nchito yakuphwanya mafupa a nyama kuti akhale manyowa a m'munda. Njala inawakulira kotero kuti anali kulimbirana mafuta a m'kati mwa mafupawo ndi tinyama toola tokangamira pamenepo. Mkulu wa nyumbayo, Colin McDougal, amene kale anali msilikali, anali cidakwa, ndipo anali kumana anthu cakudya cimene lamulo linawaikira.

Mmodzi wa akulu oyang'anira, Hugh Mundy, anauza anzace za nkhaniyi, koma iwo sanafune kuimva. Pamenepo inafika kwa Thomas Wakley, dotolo amene analinso phungu, ndipo iye anaifunsa poyera m'Nyumba ya Malamulo. Nyuzipepala ya The Times inaibukitsa m'dziko lonse. Kabungwe ka aphungu kanafufuza m'caka ca 1846, ndipo m'caka ca 1847 akulu atatu aja anacotsedwa. M'malo mwao munalowa bungwe limene mkulu wace anali kukhala m'Nyumba ya Malamulo ndi kuyankha mafunso a aphungu. Nchito ya mafupa inaletsedwa, ndipo mwamuna ndi mkazi opyola zaka 60 analoledwa kupempha cipinda cao.

Cocititsa cidwi n'cakuti lamulo la cakudya linalipo kale, lolembedwa bwino bwino. Cimene cinasowa ndi diso lolowa m'nyumbamo, ndi khutu lofuna kumva.

Alendo ndi Anamwino

Akulu akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. M'caka ca 1858 mai wina, Louisa Twining, anayambitsa bungwe la anthu oyenda m'nyumba za nchito kukaceza ndi okhalamo, kuti zocitika m'menemo zisakhale zobisika. Masiku amenewo odwala anali kusamalidwa ndi amphawi anzao, ambiri a iwo okalamba ndi osaphunzira, ndipo mphotho yao nthawi zina inali mowa. M'caka ca 1865 Agnes Jones, amene anaphunzira pa sukulu ya Florence Nightingale, anapita ndi anamwino 12 ku nyumba ya nchito ya ku Liverpool. Iye anamwalira m'caka ca 1868 ndi nthenda imene anaitenga pa nchitoyo, koma anali ataonetsa kuti mmphawi wodwala naye ayenera dzanja la munthu wodziwa nchito. M'caka comweco ca 1865 nyuzi ya madotolo yochedwa The Lancet inatuma madotolo kukaona zipinda za odwala m'nyumba za nchito za ku London, ndipo zimene anapeza zinabala lamulo la 1867 lomangitsa zipatala za pa zokha za amphawi a mumzindawo.

Dzina Latsopano, Makoma Akale

Kuyambira mwezi wa January 1909 Boma linayamba kupereka penshoni yofika mashiringi 5 pa mlungu kwa osauka a zaka 70, ndipo ambiri anapulumuka ku nyumba ya nchito. M'caka ca 1930 nyumbazo zinaperekedwa m'manja mwa makhonsolo. Nkhondo yaciwiri itatha, lamulo la 1948 linathetseratu malamulo akale a amphawi. Linalamula makhonsolo kupezera malo nkhalamba ndi olemala osowa wowasunga, ndiponso linati nyumba za eni ace ndi za mabungwe acifundo zilembedwe m'kaundula ndi kuyenderedwa. Koma panali mpata umodzi waukuru: nyumba za khonsolo mwini wace sizinalowe m'kaundulayo. Khonsolo inali kupima za ena, zace ai.

Anthu ambiri anayesa kuti nkhani ya workhouse yatha. Koma mphunzitsi wina wa za cikhalidwe ca anthu, Peter Townsend, pamodzi ndi omthandiza, anayendera nyumba 173 m'Mangalande ndi m'Wales, ndipo m'caka ca 1962 anaturutsa buku lochedwa The Last Refuge. Anapeza kuti nkhalamba zikwi zambiri zinali kukhalabe m'makoma omwe aja a nyumba za nchito, makama ambiri m'cipinda cimodzi, popanda malo a munthu pa yekha, ndipo anchito anali ocepa ndi osaphunzitsidwa. Cinasintha ndi dzina la pacitseko.

Mau Ocokera M'kati

M'caka ca 1965 mai wina, Barbara Robb, anapita kukazonda mnzace wokalamba pa cipatala ca Friern ku London, ndipo zimene anaona zinamsowetsa mtendere. Anasonkhanitsa umboni wa anamwino ndi anchito ena, nausindikiza m'caka ca 1967 m'buku lochedwa Sans Everything. Ofufuza amene anaikidwa anakana zambiri za m'bukumo, naika cikayiko pa mboni zomwe. Koma caka comweco wothandiza anamwino pa cipatala ca Ely, mumzinda wa Cardiff ku Wales, anaulula kwa nyuzipepala za nkhanza ndi kuba zimene zinali kucitika pakati pa odwala maganizo. Kabungwe kotsogozedwa ndi loya Geoffrey Howe kanatsimikiza zambiri m'caka ca 1969, kanapezanso kuti anchito odandaula ndiwo anali kubvutitsidwa. Nduna Richard Crossman inaumirira kuti lipoti lonse lisindikizidwe, ndipo inakhazikitsa gulu loyendera zipatala zogonamo anthu nthawi yaitali.

Woyendera Wosadya Nawo

M'zaka za m'ma 1980 nyumba za malonda zinaculuka msanga, popeza Boma linali kulipirira nkhalamba zosauka zolowamo. Lamulo la 1984 linati munthu wofuna kutsegula nyumba yotere akhale woyenera, ndipo wolakwa alandidwe cilolezo. Lamulo la 1990 linatseka mpata uja wa 1948: nyumba za makhonsolo nazo zinayamba kuyenderedwa ndi anthu opatulidwa kwa oziyendetsa. Komabe muyeso unali wosiyana kucokera ku khonsolo ina kupita ku inzace. Cotero lamulo la 2000 linaika muyeso umodzi wa dziko lonse, linaphatikizamonso makampani otumiza anchito kukasamalira nkhalamba m'nyumba zao zomwe. Bungwe loyendera la dziko lonse linayamba nchito m'caka ca 2002, ndipo litasinthidwa kawiri, m'caka ca 2009 kunabadwa Care Quality Commission, imene anthu aicha mwacidule CQC.

Pasanapite zaka zitatu, bungwe latsopanoli linagwa m'mbuna yomwe ija ya ku Andover. Pafupi ndi mzinda wa Bristol panali cipatala ca kampani cochedwa Winterbourne View, cosunga anthu akulu akulu obadwa ndi ulema wa m'maganizo. Namwino wamkulu wa pamenepo anauza mabwana ace za nkhanza, nauzanso CQC, koma sanayankhidwe moyenera. Pamenepo anapita ku BBC, ndipo mtolankhani analowa nchito pamalopo ali ndi kamera yobisika. M'mwezi wa May 2011 dziko lonse linaona pa wailesi ya kanema anthu opanda mphamvu akumenyedwa makofi, akupanikizidwa pansi pa mipando ndi kuthiridwa madzi ozizira. Cipatalaco cinatsekedwa. Anchito 11 anabvomera mlandu, ndipo m'caka ca 2012 anthu 6 mwa iwo anaikidwa m'ndende.

Pambuyo pace kayenderedwe kanakonzedwanso. Kuyambira caka ca 2014 nyumba iri yonse ifunsidwa mafunso asanu: kodi anthu ali otetezedwa, kodi cisamaliro cikuthandiza, kodi anchito ali ndi cifundo, kodi zofuna za munthu zimveka, kodi utsogoleri uli bwino? Itapimidwa ipatsidwa limodzi la magiredi anai, kuyambira yopambana, yabwino, yofunika kukonza, kufikira yolephera, ndipo giredilo liyenera kuikidwa poonekera. Lamulo lina la 2014 linalamula dera liri lonse kukhala ndi kabungwe koteteza akulu akulu osatha kudziteteza, mmene mukhala a khonsolo, a zipatala ndi apolisi. Ngakhale ziri tero, m'caka ca 2024 Dr Penny Dash, atatumidwa ndi Boma, anapeza kuti CQC yomwe inafoka: maulendo oyendera anacepa, ndipo malo ena anakhala zaka zambiri osaona woyendera. Woyendera naye afunika womyendera.

Phunziro Lace

Woona mbiriyi kuyambira ku Andover kufikira ku Winterbourne View apeza cinthu cimodzi cobwerezedwa. Nthawi iri yonse lamulo linalipo, ndipo nthawi iri yonse panali munthu wa m'kati amene anaona coipa nalankhula: mkulu woyang'anira, mlendo wodzazonda, wothandiza anamwino, namwino wamkulu. Coipa cinapitirira cifukwa mau ao sanamveke, ndipo cinaleka pamene nkhani inaturuka pabwalo. N'cifukwa cace lamulo la 1998 linaletsa kucotsa munthu nchito cifukwa cakuti waulula zoipa za pa nchito pace.

Lero anchito ambiri a m'nyumba zimenezi ndi alendo. Kuyambira February 2022 kufikira July 2025 Boma la Britain linatsegula khomo kwa osamalira nkhalamba ocokera kunja, ndipo analowa ambiri a ku India, Nigeria ndi Zimbabwe, ndi ena a ku Zambia ndi Malawi. Ena a iwo anadyeredwa masuku pamutu ndi owalemba nchito, ndipo munthu amene cilolezo cace cokhalira m'dziko ciri m'manja mwa bwana wace salankhula mosabvuta. Pamenepo paoneka kuti kuteteza wanchito ndi kuteteza nkhalamba ndi nchito imodzi.

Kuli konse kumene kuli nyumba yosungira anthu opanda mphamvu, ku Bristol kapena ku Ndola, zofunika ndi zomwezo: woyendera wosadya m'mbale ya mwini nyumba, wofika osayamba wadziwitsa, anchito ophunzitsidwa ndi olipidwa, amene akhoza kunena zoona osaopa, ndi abale amene saleka kukazonda. Wam'godi sakhulupirira denga cifukwa linali lolimba dzulo. Aligogoda tsiku ndi tsiku, ndipo akamva kulira kwacilendo auza anzace nthawi yomweyo.