Unsembe wa Amormon ndi Amene Anaumanidwa

Mu mpingo wa Amormon, umene Joseph Smith anayambitsa m'chigawo cha New York mu 1830, ulamuliro wonse uli mu unsembe. Wansembe ndiye amabatiza, amadalitsa mgonero, amaweruza milandu ya mumpingo. Unsembewo si wa abusa ochepa ophunzira ayi. Mnyamata aliyense wa khalidwe labwino amaulandira akamafika zaka 12, motero womanidwa amakhala pansi pa ana omwe.

Poyamba khungu silinali chotchinga. Elijah Abel, munthu wakuda, anadzozedwa kukhala mkulu mu 1836, Smith ali moyo. Zinthu zinatembenuka mu 1852 pamene Brigham Young, amene analowa m'malo mwa Smith, analengeza ku Utah kuti amuna ochokera ku mtundu wa anthu akuda a ku Africa asalandirenso unsembe, ati chifukwa cha temberero la Kaini. Chiletsocho chinatseka khomo la kachisi kwa amuna ndi akazi akuda omwe, pamene kwa Amormon kukachisi ndi komwe banja limamangidwa kuti likhale lamuyaya.

Mayi Jane Manning James anasenza mitolo yonse iwiri: anali wakuda komanso wamkazi. Anayenda wapansi mtunda wautali kukafika ku Nauvoo, kumene Smith ankakhala, mu 1843, nakhala m'nyumba mwa Smith yemweyo. Atakalamba analembera atsogoleri makalata mobwerezabwereza kupempha madalitso a m'kachisi. Mu 1894 anawachitira mwambo wowalumikiza ku banja la Smith ngati wantchito, eni ake osaloledwa n'kulowa komwe. Mayi wina anaimirira m'malo mwawo. Anamwalira mu 1908 ali wokhulupirikabe. Ine ndimaona kuti mpingowu unalakwira mayiyu kwambiri.

Chiletso chinatha mu June 1978, mtsogoleri ali Spencer W. Kimball, amene ananena kuti walandira vumbulutso. Nthawi imeneyo ku São Paulo amamanga kachisi pakati pa anthu a magazi osakanikirana, ndipo ku Ghana ndi ku Nigeria anthu monga Joseph William Billy Johnson ndi Anthony Obinna anali atasonkhanitsa kale magulu a okhulupirira, akudikira ubatizo. Panatenga zaka zina 35 kuti mpingo, mu 2013, ukane poyera chiphunzitso choti khungu lakuda ndi chizindikiro cha temberero.

Mbiri ya akazi inayenda mobwerera m'mbuyo. Bungwe lawo la Relief Society linayamba mu 1842 motsogozedwa ndi Emma Smith, mkazi wa Joseph Smith, ndipo kwa zaka zambiri amayi ankadzoza odwala mafuta ndi kuwasanjika manja, makamaka amayi oyembekezera. Pofika m'ma 1940 mwambowu unali utazilala, ntchitoyo itasiyidwa kwa akulu aamuna. Ofunsa mokweza anakumana ndi mpanda: Sonia Johnson anachotsedwa mumpingo mu 1979, naye Kate Kelly wa gulu la Ordain Women mu 2014. Komabe nthambi ina yochokera kwa Smith yemweyo, yomwe lero imatchedwa Community of Christ, inavomereza kudzoza akazi mu 1984.

Kusintha kulipo, koma n'kwa apa ndi apo. Mu 2013 mkazi anapemphera koyamba pa msonkhano waukulu wa mpingo wonse. Lero bambo wa ku Accra atha kubatiza mwana wake, pamene mayi wa mwanayo analoledwa mu 2019 kukhala mboni chabe ya ubatizowo.