Mmene kuwala kumapimira shuga asanafike pa kantemba

Shuga wambiri amene anthu a mu komboni ya Bauleni amagula pa tuntemba amacokera ku Nakambala, m'boma la Mazabuka, kumene kampani ya Zambia Sugar imagayira nzimbe. Ubwino wace umatsimikizika akali mumphika.

Madzi a nzimbe amaphikidwa m'miphika ikuluikulu yotseka, yocotsedwa mpweya, kuti awire asanatenthe kwambiri. Akalimba ngati uci, wophika amathiramo ufa wosalala wa shuga monga mbewu, ndipo timibulu timayamba kukula pa ufawo. Nchito yabvuta pamenepa. Madziwo akalimba mopitirira, pamabadwa timibulu tina tating'ono tosafunika, timene timapita pamodzi ndi zotsalira zakuda zija makina akamapatula shuga. Akakhala opyapyala, mbewuyo imasungunuka. Kale wophika anali kutapako pang'ono, kukoka pakati pa zala ziwiri, ndi kuona kutalika kwa ulusi wace. Ndi luso lalikulu ndithu, koma cala sicinena kucuruka kwa cinthu ciliconse m'madzimo.

Njira yochedwa spectroscopy imayankha funso limenelo. Cinthu ciliconse cimameza kuwala mwa njira yaceyace. Akatswiri amaunika madziwo ndi kuwala kwa infrared, kumene maso sakuona, ndipo kunatulukiridwa ndi William Herschel mu 1800. Makina amawerenga kuwala kumene kwamezedwa, ndipo kompyuta imaonetsa kucuruka kwa shuga, madzi ndi zina m'kanthawi kocepa, mphika ukali pamoto. Bungwe la Sugar Milling Research Institute la ku Durban lagwira nchito yaikulu yokonza njirayi kuti ithandize mafakitale a shuga. Komabe makinawo amafunika kuwayerekeza kawirikawiri ndi zopima za mu labotale, apo ayi amanama molimba mtima.

Kuwala kumagwiranso nchito shuga atauma. Kuyambira mu 1998 lamulo la Zambia limafuna kuti shuga wogulitsidwa kaamba ka pakhomo akhale ndi vitamini A, amene amateteza maso a ana ndi kulimbitsa thupi ku matenda. Vitaminiyu amathiridwa pa mapeto, ndipo amapimidwa ndi kuwala kwa ultraviolet. Iye amaonongeka ndi dzuwa, cotero shuga wopungulidwa m'timapepala toonekera ndi kukhala padzuwa tsiku lonse pamsika akhoza kufika mu tiyi wa mwana vitaminiyo atacepa kale.