Kodi mkazi angakhale ngwazi?

Ena afunsa ngati nkoyenera kumutchula Dazzler kuti ngwazi. Dazzler ndi mtsikana wa m'mabuku a nthano zojambula a Marvel, amene anayamba kuoneka mu 1980. Ntchito yake ndi kuimba, koma phokoso amalisandutsa kuwala kogonjetsera adani.

Nkoyenera ndithu. Ambirife tikamva ngwazi timangoganiza za Kamuzu, chonsecho mawuwa ndi akalekale. Azulu amati ingwazi, kuchokera ku kugwaza, kunena wankhondo wolasa adani ndi mkondo. Masiku ano ndi aliyense wolimba mtima pa zoopsa. Mayi amene walumphira mumtsinje wosefukira nkuvuula mwana wa mnzake, ameneyo ndi ngwazi, musachite kukayika. Pa kuimba pokha, Dazzler ndi katswiri. Ungwazi wake uli pa kupulumutsa anthu.