Kamera ya Kaunjika ndi Mbiri ya Amalawi ku Migodi ya Rustenburg

Mawu akuti chithunzi ndi mthunzi ndi apachibale, pakuti onse akuchokera ku tsinde limodzi la -thunzi. Chinenero chathu chimaona chithunzi ngati chinthu chotsatira mwini wake. Nkhani ino ikufunsa kuti mithunzi ya Amalawi amene anagwira ntchito ku migodi ya ku South Africa anaijambula ndani, ndipo ili m'manja mwa yani.

Mtsempha wa miyala ya platinum umene umadutsa ku Rustenburg unatchedwa dzina la Hans Merensky, yemwe anautsimikiza mu 1924. Kampani ya Rustenburg Platinum Mines inakhazikitsidwa mu 1931, ndipo Impala inayamba kukumba pa nthaka ya Abafokeng chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Amalawi ambiri amene ankapita ku Joni kudzera ku Wenela ankatsikira m'migodi ya golide, koma ena, makamaka oyenda paselufu, anafika ku dera la platinumli. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, yomwe ife timati Theba, mpaka mkangano wa kuyeza HIV unaithetsa mu 1988, monga analongosolera Wiseman Chirwa.

M'zaka zonsezi wogwira ntchito mumgodi ankajambulidwa, koma kamera inali ya wina. Chithunzi choyamba chinali cha pa chiphaso, chomata pambali pa nambala ndi chidindo cha chala. Mu 1970 Caroline Hunter ndi Ken Williams, antchito a Polaroid ku America, anadzudzula kampani yawo chifukwa zipangizo zake zinkajambula zithunzi za mapasi, ndipo Polaroid inachoka m'dzikolo mu 1977. Chithunzi chachiwiri chinali cha akatswiri. Ernest Cole anazembetsa kamera m'komponi n'kujambula amuna atavulidwa poyezedwa ndi dokotala, ndipo buku lake la House of Bondage la 1967 linaletsedwa. David Goldblatt anatulutsa On the Mines mu 1973. Ntchito zimenezi ndi zamtengo wapatali, komabe wojambulidwayo sanasankhe malaya kapena poimirira.

Chithunzi chachitatu ndicho chimene akatswiri a mbiri sanachilabadire mokwanira. Kodak itatulutsa Instamatic mu 1963, ndipo Konica itabweretsa mu 1977 kamera yolunjika yokha pa chojambulidwa, kujambula kunasanduka kungodina batani. Makamera otere ankatsika mtengo akapita pa kaunjika, kufikira poti munthu wolandira malipiro a kumgodi akanatha kugula. Wogula wanzeru ankatsegula kumbuyo kuti aone ngati sikulowa kuwala, ankayang'ana dzimbiri pokhala mabatire, ndi kuyesa ngati filimu ikuyenda. Filimu imodzi inkapereka zithunzi 24 kapena 36, ndipo kutsukitsa kunkadya ndalama, choncho palibe ankadina mwachisawawa. Munthu ankadikira Lamulungu, n'kuvala suti, n'kuima pafupi ndi wailesi kapena njinga. Mwini kamera ankajambulanso anzake pamtengo, ndipo zithunzizo zinkalowa m'makalata opita ku Mzimba, ku Dedza kapena ku Mangochi.

Wina anganene kuti zithunzi zotere zimanama, popeza sizionetsa fumbi, chifuwa chachikulu kapena mabedi a simenti. N'zoona kuti zimabisa zambiri. Koma Santu Mofokeng, posonkhanitsa zithunzi zakale za mabanja achikuda mu The Black Photo Album, anaonetsa kuti mmene munthu afunira kuoneka ndi umboninso wa mbiri. Chithunzi cha suti chinali kuuza mkazi ndi malume kuti mwamunayo ali moyo, sanatchone, ndipo adzabwera. Kwa ophunzira zinenero, mawu olembedwa kuseri kwake ndi chuma china: Chichewa kapena Chitumbuka chosakanikirana ndi Chifanakalo, m'kalembedwe ka munthu wamba kamene sikanadutse kwa mkonzi aliyense.

Chaka cha 2012 chinatseka nyengo imeneyi. Mu Januwale Kodak inalengeza kuti yagwa m'ngongole zosabwezeka, ndipo pa 16 Ogasiti apolisi anapha ogwira ntchito 34 a Lonmin ku Marikana, makamera a atolankhani akujambula. Dziko lonse likudziwa Rustenburg kudzera m'zithunzi za tsikulo. Zithunzi zimene anthu anadzijambula okha zili m'masutikesi ndi pa zipupa za m'midzi yathu, mitundu ikufwifwa, chiswe chikudya m'mphepete, ndipo amene angatchule mayina a ojambulidwawo akutha. Mayunivesite athu, pamodzi ndi nkhokwe ya zakale ya ku Zomba, ayenera kutuma ophunzira kukazijambulanso, kukopera zolembedwa kuseri, ndi kufunsa eni ake akadali moyo.