Chandamale

Chandamale ndi chinthu chimene munthu amalozapo mfuti kapena muvi poyesa luso lake. Mawuwa amafanana ndi a Chihindi akuti chandmari, otanthauza kuphunzira kuwombera. Mwina anabwera ndi asilikali a ku India amene anafika m'dziko muno mu 1891, nthawi ya ulamuliro wa mtsamunda Harry Johnston.

Kwa mlenje wa ku Namitete kapena ku Kabudula, chandamale ndiye mboni yoweruza mlandu wa mfuti yophonya. Amakhoma thabwa kutsogolo kwa chulu, natsamiritsa mfuti pa thumba la mchenga, n'kuwombera katatu. Zipolopolo zikagwera pamodzi koma chakumbali, mfuti ili bwino, chofunika n'kukonza poyang'anira. Zikamwazikana, aone ngati zomangira zakhwefuka, ngati mumpope muli dzimbiri, kapena ngati wasakaniza zipolopolo zosiyana. Nthawi zina wolakwa ndi mwini wake, amene amadzidzimuka pokoka chala.

Lero timanenanso kuti munthu wasanduka chandamale pamene onse akulimbana naye. Koma tanthauzo loyamba lisatayike: mlenje wosayesa mfuti yake amangovulaza nyama, ndipo angaphe mnzake.